Galu Akapendeketsa Mutu: M'mene Amamvera ndi M'mene Amaonera

M'phunziro lathu la chilengedwe la lero tikamba za galu. Tikamba makamaka ndi ana a ku Chililalila m'tauni ya Kabwe, pamodzi ndi anzawo a ku Makululu ndi ku Bwacha, kumene agalu amalonda nyumba usiku, amagona pamthunzi masana, ndipo mumakumana nawo m'njira popita ku sukulu. Komabe zimene tinene zikukhudza mwana aliyense amene pakwawo pali galu.

Tili ndi mafunso awiri. Loyamba ndi ili: n'chifukwa chiyani galu amapendeketsa mutu pamene mbuye wake akulankhula naye? Lachiwiri: kodi galu amaona dziko monga m'mene ife timalionera? Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Chomwechonso galu sapendeketsa mutu pachabe. Nthawi zina kupendekako kumasonyeza kuti ali tcheru, koma nthawi zina kumasonyeza kuti akudwala. Mwana wodziwa kusiyanitsa ziwirizi angathe kupulumutsa galu wake, ndipo angathenso kudzipulumutsa yekha.

Galu wotchedwa Pug

Kuti timvetse bwino nkhaniyi tiyerekeza mitundu iwiri ya agalu. Woyamba ndi galu wathu wamba, wa thupi lowonda, miyendo yaitali ndi mphuno yaitali yosongoka. Wachiwiri ndi kagalu kotchedwa Pug, kamene ena a inu munakaona pa zithunzi kapena pa wailesi ya kanema. Pug ndi wamfupi, wonenepa, wolemera makilogalamu 6 kufikira 8. Mchira wake ndi wopindika, nkhope yake ndi yamakwinya, maso ake ndi aakulu otong'oka, ndipo mphuno yake ndi yophwatalala ngati kuti anagunda khoma.

Kwawo kwa Pug ndi ku China, kumene ankawetedwa m'nyumba za mafumu. Amalonda anafika naye ku Ulaya, ndipo anthu a ku Netherlands anamkonda kwambiri. Mu 1688, pamene William ndi Mary anapita kukalowa ufumu ku England, agalu amenewa anatchukanso kumeneko. Patapita zaka, Mfumukazi Victoria nayenso ankaweta a Pug. Galu ameneyu sanawetedwe kuti azisaka nyama kapena kulonda mudzi ayi. Ntchito yake inali kukhala pafupi ndi munthu ndi kumsangalatsa.

Ana a ku Kabwe mukudziwa kuti chigaza chimaphunzitsa zambiri, popeza chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mumgodi wa Broken Hill mu 1921 chinatchukitsa tauni yanu pa dziko lonse. Lero muona kuti maonekedwe a chigaza cha galu nawonso amasintha m'mene galuyo amaonera.

Chifukwa choyamba: mphuno imatchinga

Yambani mwachita izi. Fumbatani dzanja lanu, muliike pamphuno, kenaka muyang'ane nkhope ya mnzanu amene wakhala patsogolo panu. Kodi pakamwa pake mukupaona bwino? Simukupaona, chifukwa chibakera chatchinga. Tsopano pendeketsani mutu pang'ono, dzanja lili pomwepo. Mwaona kuti pakamwa pa mnzanuyo paonekera.

Amene anaganiza za kuyesa kumeneku ndi Stanley Coren, mphunzitsi wa pa yunivesite ya British Columbia ku Canada. Iye anati galu amayang'ana kwambiri nkhope ya munthu kuti adziwe ngati munthuyo wakondwa kapena wakwiya, koma mphuno yake yaitali imabisa chigawo cha m'munsi cha nkhopeyo. Akapendeketsa mutu, mphuno imachoka panjira. Mu 2013 Coren anafunsa anthu 582 oweta agalu. Mwa anthu 100 alionse okhala ndi agalu a mphuno zazitali, 71 anati agalu awo amapendeketsa mutu kawirikawiri. Koma mwa anthu 100 alionse okhala ndi agalu a mphuno zophwatalala, monga Pug, amene ananena zomwezo anali 52.

Taganizani bwino za manambala amenewa. Akutiuza zinthu ziwiri. Akutiuza kuti mphuno ili ndi gawo lake, popeza agalu a mphuno zazitali anaposa anzawo. Akutiuzanso kuti mphuno si chifukwa chokhacho, popeza oposa theka la agalu opanda mphuno yotchinga nawonso amapendeketsa mutu. Tsono tiyenera kufuna zifukwa zina.

Chifukwa chachiwiri: kufuna kumva bwino

Galu amamva mawu amene ife sitingathe kuwamva. Phokoso lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la mwana limamva mawu onjenjemera kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi, pamene khutu la galu limafika ka 45,000. N'chifukwa chake galu amadzuka ndi kutchera makutu pamene khoswe walira kudenga, inu osamva kanthu.

Koma kumva phokoso ndi kudziwa kumene lachokera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Munthu akaitana ali kudzanja lamanja, mawu ake amayamba kufika m'khutu lamanja, kenaka n'kufika m'khutu lamanzere. Kusiyana kwake ndi kochepetsetsa, sikukwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo umakuzindikira ndipo umati, mawuwa achokera kumanja. Vuto limabwera pamene phokoso lachokera kutsogolo kwenikweni, kaya m'mwamba kaya pansi, chifukwa limafika m'makutu onse awiri nthawi imodzi. Mutu ukapendeka, khutu limodzi limakwera, lina limatsika, ndipo kusiyana kuja kumapezekanso. Pali akadzidzi ena amene anabadwa ndi khutu limodzi lokwera kuposa linzake, ndipo amagwira mbewa mumdima wandiweyani pongotsata phokoso. Galu makutu ake ndi olingana, choncho kupendeketsa mutu kungamthandize mwa njira yomweyo. Kumbukiraninso kuti galu ndi wamfupi, ndipo mawu a munthu woimirira amamfikira kuchokera m'mwamba. Kwa Pug, amene makutu ake ndi ogwa ndipo amaphimba chibowo cha khutu, kusuntha mutu kumasinthanso m'mene mawu amalowera.

Chifukwa chachitatu: kukumbukira

Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Eötvös Loránd mumzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, motsogozedwa ndi Andrea Sommese, anafalitsa zimene anapeza atayesa agalu 40. Eni ake a agaluwo ankatchula dzina la chidole, ndipo galu ankayenera kukatenga chidole chomwecho pakati pa zinzake. Agalu 7 anali aluso kwambiri pogwira mayina, pamene 33 anali agalu wamba. Agalu aluso aja anapendeketsa mutu ka 43 pa maulendo 100 alionse amene anamva dzina la chidole. Agalu wamba anatero ka 2 kokha. Akatswiriwo anaonanso kuti galu aliyense anali ndi mbali yake imene ankakonda kupendekera, mosasamala kanthu za kumene mbuye wake waima.

Izi zikusonyeza kuti galu amapendeketsa mutu pamene wamva liwu limene akulidziwa ndipo akuyesa kuligwirizanitsa ndi chinthu chake. Inunso mumachita zofanana. Aphunzitsi akafunsa funso lovuta, ena amayang'ana kudenga, ena amagwira chibwano.

Pali chinthu chinanso chimene chimalimbikitsa khalidweli. Galu akapendeketsa mutu anthu amaseka, amamsisita, mwinanso amamponyera mkute. Galuyo amaphunzira msanga kuti kuchita zimenezi kumabweretsa zabwino, ndipo amabwereza. Pug, amene amakhala pamaso pa anthu tsiku lonse, ali ndi mpata waukulu wophunzira zimenezi.

M'mene galu amaonera mitundu

Tsopano tibwere ku funso lachiwiri. Kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, muli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala. Asayansi amakatcha retina. Pa kansaluka pali timaselo ta mitundu iwiri. Tina timagwira ntchito masana ndipo timazindikira mitundu ya zinthu. Tina timagwira ntchito kukachita chisisira, ndipo timazindikira msanga chinthu chikasuntha.

Kale anthu ankakhulupirira kuti galu amaona zoyera ndi zakuda zokha. Mu 1989 Jay Neitz ndi anzake, pa yunivesite ya California ku Santa Barbara, anasonyeza kuti zimenezi si zoona. Munthu ali ndi magulu atatu a timaselo tozindikira mitundu, pamene galu ali ndi magulu awiri. Galu amaona bwino mtundu wachikasu ndi mtundu wa buluu, wonga wa thambo kukacha bwino. Chimene chimamvuta ndi kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Tomato wakupsa ndi tomato wosapsa sasiyana kwambiri m'maso mwake. Mukaponya mpira wofiira pa udzu wobiriwira wa m'nyengo ya dzinja, galu angathe kuupitirira, kenaka n'kuupeza ndi mphuno. Musanene kuti ndi wopusa. Ponyani wa buluu ndipo muona kusiyana kwake.

Usiku, patali ndi m'mbali

Usiku galu amatiposa. Ali ndi timaselo tambiri togwira ntchito mumdima, ndipo kuseri kwa kansalu kaja kuli kachigawo konyezimira ngati kalilole, kotchedwa tapetum lucidum. Kuwala kumene kwadutsa osagwidwa kumabwezedwa ndi kalilole ameneyu, n'kudutsanso kachiwiri pa timaselo tija. N'chifukwa chake maso a galu amawala mukamuunika ndi tochi, kapena akaunikidwa ndi nyali za galimoto pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Kapiri Mposhi. Si ufiti ayi, ndi kuwala kwa tochi yanu komwe kukubwerera. Mphaka ndi ng'ombe nazonso zili ndi kalilole wotere, koma munthu alibe.

Masana, pofuna kuona tinthu ting'onoting'ono, ife timamposa galu. Chinthu chimene munthu wa maso abwino amachiona bwinobwino ali pa mtunda wa mamita 23, galu amayenera kuchiyandikira kufikira mamita 6 kuti achione chimodzimodzi. N'chifukwa chake galu wanu yemwe angathe kukuuwani mukaima chilili patali mutavala chipewa chachilendo, mpaka mutalankhula kapena fungo lanu litamfikira.

Koma chinthu chikasuntha, galu amachiona msanga. Pa kuyesa kumene kunachitika mu 1936 ndi agalu a apolisi, agalu a maso akuthwa anazindikira chinthu choyenda pa mtunda wa mamita 810 kufikira 900, koma chinthu chomwecho chitaima anachizindikira pa mamita 585 kapena kucheperapo. Kalulu amadziwa chinsinsi chimenechi: akamva agalu amayamba wakhala duu.

Galu amaonanso malo aakulu m'mbali. Bwalo lathunthu lili ndi madigiri 360. Munthu woyang'ana kutsogolo amaona madigiri pafupifupi 180, pamene galu wamba amaona pafupifupi 240, chifukwa maso ake anakhala chakumbali kwa mutu.

Apa ndi pamene chigaza chimabweretsa kusiyana. Mu 2004 Paul McGreevy wa pa yunivesite ya Sydney ku Australia ndi anzake anapima maso a agalu a mitundu yosiyanasiyana. Anapeza kuti mwa agalu a mphuno zazitali timaselo tonyamula uthenga wa kuona tinandandalikana mumzere wopingasa, kuchokera mbali ina ya diso kufika mbali ina. Diso lotere ndi labwino poyang'ana dambo lonse ndi kuona nyama ikudutsa. Mwa agalu a mphuno zophwatalala timaseloto tinaunjikana pamalo amodzi pakati, monga m'mene zilili m'diso la munthu. Diso lotere ndi labwino poyang'anitsitsa chinthu chimodzi chimene chili patsogolo. Motero galu wathu wamba ali ndi maso a mlenje, pamene Pug ali ndi maso oyang'ana nkhope ya mbuye wake.

Mavuto a nkhope yophwatalala

Mwina ena mwayamba kusirira Pug. Dziwani kuti nkhope yakeyo imamvutitsa. Mabowo a m'chigaza m'mene mumakhala maso ndi osaya, choncho maso amatulukira kunja. Zikope zimalephera kuwaphimba bwino, maso amauma, ndipo fumbi, udzu kapena minga zimawalasa mosavuta. Njira ya mpweya nayo ndi yopanikizika. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mwawefuwefu. Galu wa mphuno yaifupi amalephera kuchita zimenezi mokwanira, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Kabwe kungathe kumupha. Mu 2022 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London anapeza kuti mpata woti Pug apezeke ndi matenda m'chaka chimodzi ndi waukulu pafupifupi kawiri poyerekeza ndi agalu ena. Mu 2019 boma la Netherlands, dziko lomwe lija limene linamtchukitsa, linakhwimitsa lamulo loletsa kubereketsa agalu a mphuno zazifupi kwambiri. Tsono musanyoze galu wanu wamba. Thupi lake ndi loyenerana ndi dziko lathu.

Kupendeka kosonyeza matenda

Mvetserani bwino chigawo ichi. Galu wamoyo bwino amapendeketsa mutu kwa kanthawi kochepa, maso ali gwa pa inu, makutu ali tcheru, kenaka mutu umawongoka. Koma galu amene mutu wake wapendekera mbali imodzi tsiku lonse, ngakhale palibe womlankhula, ameneyo akudwala.

Kawirikawiri gwero lake ndi khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timachubu tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo ngati thupi laima mowongoka. Khutu likatupa chifukwa cha tizilombo, nkhupakupa kapena kambewu ka udzu kolowa m'kati, ndipo matendawo akafika pa timachubuto, galu amachita chizungulire. Amapukusa mutu, amakanda khutu, amayenda mozungulira kapena kugwa, ndipo khutulo limanunkha. Musathiremo palafini, mafuta a galimoto kapena madzi a fodya, ndipo musatokosemo ndi kamtengo. Uzani makolo kuti apite naye kwa dokotala wa ziweto.

Ku Kabwe kuli chinthu chinanso choyenera kuchidziwa. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la madera oyandikana nawo. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Zambia ndi a pa yunivesite ya Hokkaido ku Japan anafalitsa zimene anapeza m'magazi a agalu 120 a ku Kabwe. Agalu okhala pafupi ndi mgodi anali ndi mtovu wambiri kuposa okhala kutali, ndipo ana agalu anali ndi wambiri kuposa akuluakulu. Mtovu umaononga ubongo ndi mitsempha, ndipo galu amene wamwa wambiri angathe kugwa khunyu kapena kuchita khungu. Fumbi limene galu amanunkhiza ndi lomwelo limene mwana amasewerapo. Choncho sambani m'manja musanadye, musadye dothi, ndipo chakudya cha galu muziika m'mbale, osati pansi.

Matenda oopsa koposa onse ndi chiwewe. Galu wachiwewe amasintha khalidwe: wofatsa amalusa, wolusa amafatsa modabwitsa. Amachucha dovu, amaluma mitengo ndi miyala, amayenda mwadzandidzandi, ndipo nsagwada yake ingathe kulendewera. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse ophedwa ndi matendawa, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala ochiza palibe. Koma katemera, amene Louis Pasteur anayamba kumgwiritsa ntchito pa munthu mu 1885, amateteza ngati munthu wamlandira msanga. Lamulo la Zambia lotchedwa Control of Dogs Act limafuna kuti agalu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera, ndipo tsiku la 28 Seputembala chaka chilichonse ndi lokumbutsa dziko lonse za matendawa.

Malangizo otuluka m'phunziroli

Popeza galu amaona msanga chinthu chothamanga, musathawe galu wachilendo akakuyandikirani. Imani chilili ngati mtengo, manja ali m'mbali, mpaka atachoka. Popeza galu amayang'ana nkhope, musamtuzulire maso galu amene simumdziwa, chifukwa kwa iye kumeneko ndi kuputa ndewu. Popeza saona bwino patali, lankhulani mofatsa pofika pakhomo usiku kuti galu wanu akuzindikireni. Musadzidzimutse galu amene akugona, akudya kapena akuyamwitsa. Galu wopendeka mutu, wadzandidzandi kapena wochucha dovu musamgwire, kaitaneni akuluakulu.

Galu akakulumani kapena kukukandani, ngakhale pang'ono, musabise poopa kukalipiridwa. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, gawani ana awiriawiri kuti ayese chibakera pamphuno. Kenaka mwana mmodzi atseke maso, wina aombe m'manja kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu ndi kutsogolo, ndipo wotseka masoyo aloze kumene phokoso lachokera. Lembani pa bolodi malo amene ana alakwitsa kwambiri, kenaka abwereze atapendeketsa mutu. Ana amene kwawo kuli galu wozolowerana nawo ndiponso wobayidwa katemera atchule mawu asanu amene galuyo amawadziwa ndi asanu achilendo, n'kuwerenga kangati wapendeketsa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho achite zimenezi masiku angapo asanabweretse zotsatira.

Tsopano yankhani mafunso awa m'makope mwanu. Tchulani zifukwa zitatu zimene galu amapendeketsera mutu. Ndi mitundu iti iwiri imene galu amaiona bwino? N'chifukwa chiyani maso a galu amawala usiku? Kodi diso la Pug limasiyana bwanji ndi la galu wamba? Mungadziwe bwanji kuti galu wapendeka mutu chifukwa cha matenda? Mnzanu atalumidwa ndi galu pochokera ku sukulu, mungamuuze kuti achite chiyani poyamba?

Phunziro lathu lathera pamenepa. Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi, mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.